Kodi boma lingatenge mwana wanga ndi galimoto yathu nkhondo ikabuka?

Mayi wina wa ku Chawama, muno mu Lusaka, walemba motere:

"Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 20. Anamaliza Giredi 12 chaka chatha ndipo akungokhala pakhomo. Sabata yatha m'gulu lathu la chilimba pa WhatsApp munabwera uthenga wa mawu, mwini wake sitikumudziwa, wonena kuti chifukwa cha nkhondo ya ku Congo boma liyamba kulemba anyamata onse omaliza sukulu kuti apite ku usilikali, afune asafune, ndiponso kuti magalimoto onyamula katundu adzatengedwa. Amuna anga ali ndi Canter imene amanyamulira tomato ndi kabichi kubwera nazo ku msika wa Soweto, ndipo ngongole yake sitinamalize. Alamu anga anachoka ku usilikali zaka 3 zapitazo, nawonso akuti adzaitanidwa. Tulo sindikuona. Kodi malamulo amalola zimenezi? Kapena mwanayu ndimutumize kumudzi ku Katete?"

Amayi, khazikani mtima pansi, ndipo mwanayo musamukweze basi ya ku Katete chifukwa cha uthenga umenewo. Zambia sili pankhondo ndi dziko lililonse. Usilikali wa kuno munthu amalowa mwa kufuna kwake: amalemba kalata, amapimidwa m'thupi, amathamanga, ndipo ambiri amabwezedwa chifukwa ofuna amachuluka kuposa malo. Boma limene likubweza anyamata ambirimbiri pageti lilibe chifukwa chosakira mwana wanu m'tinjira ta ku Chawama. Nkhondo ya ku Congo ndi yeniyeni, gulu la M23 linalanda mzinda wa Goma mu Januwale 2025 ndi wa Bukavu mwezi wotsatira, ndipo anthu avutika koopsa. Koma kumeneko ndi kum'mawa kwa dzikolo, kumalire ndi Rwanda, kutali kwambiri ndi Kasumbalesa, pamalire athu ndi Congo.

Komabe ndikanakhala wabodza ndikanakuuzani kuti boma lilibe mphamvu zimene mukuziopazo. Lili nazo. Ndagwira ntchito ya uloya kwa zaka zoposa 30, ndipo ndaona kuti mphekesera zimene zimayenda msanga ndi zija zimatola kachidutswa koona n'kukakulunga m'bodza. Kachidutswa koonako ndi aka: ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko lino, aja timati Constitution, monga anakonzedwera mu 2016, imatchula udindo wa nzika. Muli kukhoma msonkho, kusamala chilengedwe, kuthandizana ndi achitetezo, ndiponso kutumikira dziko pa chitetezo ndi usilikali boma likaitana. Mawu akuti "boma likaitana" ndiwo muwagwiritsitse. Kuitana kwa boma kuli ndi njira yake, ndipo njirayo imayamba ndi pepala losainidwa ndi Pulezidenti, losindikizidwa mu nyuzipepala ya boma yotchedwa Gazette. Kansala, tcheyamani wa chipani, ngakhale msilikali wa nyota zambiri paphewa, alibe mphamvu yobwera pakhomo panu n'kunena kuti mwanayu tiye.

Makomo amene boma lingalowere pa nkhani zotere ndi atatu, ndipo ali motsatizana m'malamulo aakuluwo. Ndime 29 ndi ya nkhondo: Pulezidenti, atakambirana ndi nduna zake, angalengeze nkhondo kudzera mu Gazette, ndipo chilengezocho chimakhalapo mpaka kumenyana kutatha. Ndime 30 ndi ya state of emergency, pamene dziko lili kale pangozi yaikulu. Ndime 31 ndi ya pamene ngoziyo sinafike koma Pulezidenti akuona kuti zinthu zikasiyidwa momwemo ifika. Pa ziwiri zomalizazi pali chingwe chimene anthu ambiri sachidziwa. Chilengezocho chimafa chokha pakatha masiku 7 ngati Nyumba ya Malamulo sinachivomereze, ndipo ovomereza ayenera kupitirira theka la aphungu onse, osati theka la okhawo amene abwera tsiku limenelo. Akavomereza, chimakhala miyezi 3. Boma likafuna kuwonjezera liyenera kubwereranso kwa aphungu, ndipo nawonso sangapereke yoposa miyezi 3 nthawi imodzi. Ndime 30 ikatsegulidwa, lamulo limene limadzuka ndi Emergency Powers Act. Ikatsegulidwa ndime 31, limadzuka ndi Preservation of Public Security Act. Pansi pa malamulo amenewa Pulezidenti amalemba malamulo ang'onoang'ono onena zimene apolisi ndi asilikali aloledwa kuchita, ndipo nawonso amasindikizidwa kuti aliyense awerenge.

Ndiye mukamva uthenga ngati uja, dzifunseni: kodi Pulezidenti walankhula? Kodi aphungu ku Manda Hill akukambirana? Zinthu zimenezi sizibisika. Zimamveka pa ZNBC, pa mawailesi onse, m'nyuzipepala zonse, ndipo otsutsa boma amafuula tsiku lomwelo.

Tibwere kwa mwana wanu. Mantha anuwo ali ndi pochokera, chifukwa m'dziko muno munalidi nthawi imene omaliza sukulu ankapita kukaphunzira usilikali mokakamizidwa. Zambia National Service (ZNS) inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, ndipo kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1970 aliyense womaliza Fomu 5, mnyamata ndi mtsikana yemwe, ankapita kukampu kwa miyezi 20, kuphunzira mfuti ndi kulima. Zimenezi zinaleka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Lamulo la ZNS lidakalipo, ndipo malamulo aakulu amaiwerengera ZNS ngati nthambi yothandizira pa gulu la chitetezo, pambali pa Zambia Army ndi Zambia Air Force. Koma kuyambira nthawi imeneyo, zaka zoposa 40 tsopano, palibe boma limene labwezeretsa kukakamiza kuja, ngakhale andale akhala akuitchula nkhaniyi kawirikawiri. Maphunziro a achinyamata amene ZNS imachititsa masiku ano munthu amachita kupempha yekha. Kubwezeretsa zokakamiza kungafune ndalama zankhaninkhani za makampu, chakudya, mayunifolomu ndi zipatala, ndipo ndalama zimenezo zimadutsa m'bajeti imene aphungu amakambirana poyera kwa milungu.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga, chifukwa kuitana kwenikweni kwa dziko ndinakuonapo kamodzi. Mu 1979 ndinali mu Fomu 2, tikukhala ku Matero. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali itafika pakhomo pathu penipeni. Chaka cham'mbuyo, pa 19 Okutobala 1978, ndege za Rhodesia zinaphulitsa kampu ya omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Chikumbi, kumpoto pang'ono kwa Lusaka. Mu Epulo 1979 asilikali awo analowa m'tauni muno usiku n'kugwetsa nyumba ya Joshua Nkomo, mmodzi wa atsogoleri a omenyera ufuluwo. Mu Okutobala anaphulitsa milatho ya pa Chambeshi, wa msewu ndi wa njanji ya TAZARA, ndipo mu Novembala anagwetsanso ina, kuphatikizapo wa pa Chongwe, pamsewu womwewo wopita kwanu ku Katete. Pa 20 Novembala a Kaunda analengeza kuti dziko lonse likhale lokonzekera nkhondo, asilikali amene anali patchuthi abwerere, ndipo amene anaphunzirapo usilikali akaonekere. Tinamva pawailesi tonse tili pamphasa. Akulu anga anali atamaliza National Service n'kuyamba ntchito ya ukalaliki m'tauni. Amayi sanayankhule kanthu. Anangodzuka, n'kukoleza mbaula, n'kuyamba kukazinga nsawa usiku womwewo, ndipo anazimanga m'kansalu pamodzi ndi sopo ndi kabuku ka nyimbo za kutchalitchi. M'mawa mwake akulu anga ananyamuka ndi kachikwama kamodzi. Anakalondera mlatho, ndipo anabwerako ali bwinobwino pangano la Lancaster House, lothetsa nkhondoyo, litasainidwa mu Disembala.

Taonani zinthu ziwiri pa nkhani imeneyi. Ngakhale pamene mabomba ankagwa m'dziko muno, amene anaitanidwa anali ophunzira kale mfuti. Mnyamata amene sanagwirepo mfuti amafuna miyezi yambiri kuti akhale msilikali, ndipo pa tsiku la ngozi amangokhala katundu wowonjezera kwa akuluakulu a nkhondo. Chachiwiri, palibe amene anamva zimenezi kudzera m'manong'onong'o. Mtsogoleri wa dziko anayankhula yekha, dziko lonse likumva.

Ndionjezere kanthu kamodzi, popeza sindikudziwa mpingo wanu. Ndime 14, imene imaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, imavomereza kuti pa nthawi ya nkhondo kapena ya chilengezo cha ndime 30 kapena 31 boma lingapatse anthu ntchito, malinga ngati ntchitoyo ndi yoyenereradi vuto limene lilipo. Ndime yomweyo imatchulanso munthu amene chikumbumtima chake chimamuletsa usilikali, ndi ntchito ina imene lamulo lingamupatse m'malo mwake. Ndiye banja limene chikhulupiriro chake sichilola kugwira mfuti lili ndi poyambira kukambirana.

Za alamu anu ndi zina. Iwo ali pafupi ndi nkhaniyi kuposa mwana wanu, chifukwa lamulo la Defence Act lili ndi gulu la asilikali osungidwa, ndipo msilikali akachoka pantchito kawirikawiri amakhalabe m'kaundula wa gulu limenelo kwa zaka zingapo. Amenewa ndiwo amayamba kuitanidwa zinthu zikavuta. Atsegule mapepala amene anapatsidwa potuluka, aone zimene analembamo. Ngati sizikumveka, apite ku ofesi ya gulu limene ankagwirako ntchito akafunse. Akaitanidwadi mwalamulo n'kukana, umenewo ndi mlandu, ndiye ndi bwino adziwiretu pamene aima.

Tsopano Canter ija. Pansi pa Emergency Powers Act, Pulezidenti angalembe malamulo olola boma kutenga kapena kugwiritsa ntchito katundu wa anthu, ndipo galimoto yonyamula katundu ili m'gulu limenelo. Lamulo lomwelo limapereka mpata woti malamulo ang'onoang'onowo anene za chipukutamisozi kwa eni katundu. Koma kumbukirani njira ija: choyamba chilengezo, kenako lamulo lolembedwa lonena za magalimoto. Popanda zimenezi, munthu wobwera kudzatenga galimoto yanu ponamizira nkhondo ndi wakuba, ngakhale atavala yunifolomu. M'zaka zanga zonse za uloya sindinalandirepo mlandu wa galimoto ya wamalonda wamng'ono yotengedwa chifukwa cha nkhondo. Tsiku lotere litafika, amuna anu asalimbane ndi munthu wa mfuti. Apemphe pepala lolembedwa, lokhala ndi dzina, udindo ndi nambala ya amene akutenga, ndi lamulo limene akutsatira. Ajambule galimotoyo mbali zonse ndi foni, ajambulenso makilomita amene yayenda. White book yeniyeni isamagone m'galimoto, izikhala kunyumba. Dziwaninso kuti inshuwalansi zambiri za magalimoto sizilipira zowonongeka pa nkhondo kapena katundu wotengedwa ndi boma, ndipo ngongole siima yokha, ndiye mungafunike kulembera amene anakukongozani tsiku lomwelo n'kuwapatsa kope la pepala lija.

Koma Amayi, ndikuuzeni chimene ine chimandidetsa nkhawa pa malamulo amenewa, chifukwa si usilikali wokakamiza kapena magalimoto. M'mbiri ya dziko lino, chimene chapweteka mabanja ndi kutsekeredwa popanda mlandu, ndiponso malamulo apadera amene amabwera ngati a masiku ochepa n'kukhazikika. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wathuyu anakhala zaka 27. Mu Julayi 1964, ufulu usanabwere, bwanamkubwa Sir Evelyn Hone analengeza malamulo apadera chifukwa cha kumenyana kwa pakati pa asilikali a boma ndi otsatira mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali, kumene kunafalikiranso ku Lundazi. Anthu mazanamazana anafa. Kumenyanako kunatha m'miyezi yochepa, koma chilengezocho chinatsala. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa Rhodesia mu Novembala 1965 panapezeka chifukwa chatsopano, ndipo zifukwa zinapitirira kupezeka mpaka Novembala 1991, a Chiluba atalowa m'boma. M'zaka zimenezo munthu ankatha kutsekeredwa kwa miyezi kapena zaka popanda kuonekera kukhoti. Simon Kapwepwe, amene anakhalapo wachiwiri kwa Pulezidenti, anatsekeredwa mu Febuluwale 1972 chipani chake cha UPP chitaletsedwa. Ngati zinachitikira munthu wamkulu chotero, ganizirani za mwana wa mayi wogulitsa pamsika.

N'chifukwa chake malamulo aakulu a 1991 anaika chingwe cha masiku 7 ndi miyezi 3 chija. Sichinathetse zonse. Mu Marichi 1993 a Chiluba analengeza state of emergency pa nkhani ya chikalata chotchedwa Zero Option, chimene boma linati chinali chiwembu cholichotsa paudindo, ndipo inatha mu Meyi. Pa 28 Okutobala 1997 Captain Solo analengeza pawailesi kuti walanda boma, zimene zinalephereka m'maola ochepa, ndipo tsiku lotsatira kunabwera chilengezo china chimene chinafika mpaka Marichi 1998. A Kaunda anagwidwa pa tsiku la Khrisimasi mu 1997. Komishoni imene inatsogoleredwa ndi Jaji Japhet Banda inadzapeza kuti ena mwa ogwidwa pa nkhaniyi anazunzidwa. Chomaliza inunso mukuchikumbukira: City Market itapsa pa 4 Julayi 2017, a Lungu anatsegula ndime 31 tsiku lotsatira, aphungu anavomereza pa 11 Julayi, ndipo chinatha mu Okutobala. Pa tsiku lovomerezalo aphungu 48 a UPND anali ataimitsidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo. Kwa ine chimenecho chinafooketsa chingwe chija, chifukwa cholinga chopitira kwa aphungu n'chakuti boma lifunsidwe mafunso ovuta ndi anthu amene sagwirizana nalo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa mnyamata wa zaka 20 wongokhala m'komboni ndiye amayamba kutoledwa apolisi akapatsidwa mphamvu zowonjezera. Ndime 25 imalola kuti pa nthawi ya nkhondo kapena ya ndime 30 maufulu ena achepetsedwe: ufulu woyenda, wosonkhana, woyankhula, wa katundu, woti nyumba yako isafufuzidwe, ndi woti usatsekeredwe. Ngakhale pamenepo, zimene boma lachita zisapitirire zimene vutolo likufuna, ndipo khoti lili ndi mphamvu yoyeza zimenezo. Ndime 25 yomweyo sitchula ndime 31, ndipo maloya ambiri tinakumbutsa zimenezi mu 2017. Palinso maufulu amene ndimeyi siwakhudza n'komwe: ufulu wa moyo, woti usakhale kapolo, woti usazunzidwe, ndi woti mlandu wako uzengedwe mwachilungamo. Palibe chilengezo chimene chimalola wapolisi kumenya mwana wanu kuti aulule.

Ndime 26 ndiyo imateteza munthu wotsekeredwa pansi pa malamulo apaderawa. Pasanathe masiku 14 ayenera kupatsidwa pepala lofotokoza mwatsatanetsatane zifukwa zomutsekera, m'chilankhulo chimene amamva. Ngati mwana wanu amamva bwino Chinyanja, ali ndi ufulu wolandira zifukwazo m'Chinyanja. Pasanathenso masiku 14 omwewo, kutsekeredwa kwake kuyenera kulengezedwa mu Gazette, kuti munthu asangosowa ngati wamira m'madzi. Ayenera kuloledwa kuonana ndi loya. Pakatha miyezi 3 angapemphe kuti nkhani yake iunikidwe ndi bwalo loima palokha, lotsogoleredwa ndi jaji kapena munthu woyenera kukhala jaji wa High Court, wosankhidwa ndi mkulu wa majaji. Malamulo amenewa ali m'chigawo cha maufulu chimene sichingasinthidwe popanda referendamu, ndipo popeza referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016 sinafike pa chiwerengero chofunika, adakali momwe analili.

Mu Ogasiti 2017 kunabwera ku ofesi kwanga mayi wina wogulitsa salaula. Mwana wake anatoledwa usiku pamodzi ndi anzake pochokera koonera mpira. Mayiyo atapita kupolisi anauzidwa kuti ino ndi nthawi ya emejensi, abwerere kunyumba akadikire. Anakhala masiku 4 akupereka nsima pakawindo, osafunsa kanthu, poganiza kuti pa nthawi yotere kufunsa ndi mlandu. Pofika kwa ine maso anali atatupa, ndipo m'manja anali atafumbata reji ya mwanayo yokulungidwa m'kapulasitiki. Tinapitira limodzi. Ndinapempha kuona buku lolembamo ogwidwa, n'kufunsa mwaulemu kuti mnyamatayu wagwidwa pa lamulo liti, ndime iti. M'bukumo munalibe chilichonse chokhudza malamulo apadera aja. Madzulo a tsiku lomwelo mnyamatayo anatuluka pa police bond, osalipira ngakhale ngwee imodzi, pakuti bondi ya kupolisi ndi yaulere. Chimene chinamusunga masiku 4 m'chitokosi chinali mawu akuti "emejensi" ndi mantha a mayi ake. Funso limene ndinafunsalo silifuna digiri. Inunso mungalifunse, modekha, muli ndi mboni pambali panu, n'kulemba tsiku, nthawi ndi dzina la amene wakuyankhani.

Zimene zimafikadi ku Chawama ndi ku Soweto kawirikawiri zimadzera m'malamulo ena, amene safuna n'komwe ndime 30 kapena 31. Kumbukirani kolera wa kumapeto kwa 2017. Asilikali anatuluka m'misewu kukachotsa zinyalala, ogulitsa m'mphepete mwa misewu anachotsedwa, misika ina inatsekedwa, misonkhano inaletsedwa, ndipo ku Kanyama mu Januwale 2018 anthu analetsedwa kuyenda kuyambira 18:00 mpaka 06:00. Ziletso za misonkhano ndi malonda zija zinachokera ku Public Health Act, kudzera m'lamulo laling'ono nambala 79 la 2017 losainidwa ndi nduna ya zaumoyo. Za COVID-19 mu 2020 zinadzeranso khomo lomwelo. Ndikhulupirira kuti masiku amenewo Canter yanu, ngati munali nayo kale, inaima pakhomo tomato akuwolera kumunda. Pa 29 Febuluwale 2024 a Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi ya dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa atawonongeka. Anthu ambiri anandifunsa ngati imeneyo inali state of emergency. Sinali. Chinali chilengezo cha pansi pa Disaster Management Act ya 2010, lamulo limene limayendetsedwa ndi DMMU, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu ofesi ya wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa chakudya, ndalama ndi thandizo. Palibe ufulu wa munthu umene unaimitsidwa.

Ndiye ngati mukufuna kukonzekera china chake, konzekerani milungu iwiri kapena itatu imene msika ungatsekedwe, makamaka m'nyengo ya mvula. Kambiranani ndi anzanu a chilimba za kathumba kapadera ka masiku otero. Ngozi imeneyo yabwerapo kale kangapo m'zaka 10 zapitazi, ndipo ingabwerenso.

Chenjeraninso ndi anthu amene amadyera pa mantha ngati anuwa. Uthenga wotere ukayenda, pamabwera ena onena kuti angachotse dzina la mwana wanu pamndandanda mukawatumizira ndalama pafoni, ndi ena onena kuti angamupezere malo ku usilikali. Onsewo ndi akathyali. Mndandanda wotero kulibe, ndipo kulembedwa usilikali sikugulidwa. Ngati mnyamata wanu amaufuna yekha usilikali, adikire chilengezo cha unduna wa zachitetezo, akonze reji yake yobiriwira ndi satifiketi ya Giredi 12, atsatire zimene zalembedwa m'chilengezocho. Uthenga uja musautumize kwa wina aliyense, ndipo amene anauponya m'gulu lanu mumufunse mwachikondi kumene anautenga. Nthawi zambiri mupeza kuti nayenso anangoulandira.

Nthawi yofuna thandizo ndi iyi. Munthu aliyense akabwera pakhomo kudzatenga mwana kapena galimoto m'dzina la boma popanda pepala, kanenani kupolisi tsiku lomwelo. Wachibale akagwidwa, masiku awiri n'kudutsa osauzidwa mlandu kapena kupita naye kukhoti, musadikirenso. Malamulo aakulu amati wogwidwa aonekere kukhoti mosachedwetsa. Pitani ku Legal Aid Board, kumene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, kapena ku Human Rights Commission, imene ili ndi mphamvu yoyendera zitokosi ndi ndende. A Law Association of Zambia angakulozereni loya. Ngati akukubisirani kumene munthu wasungidwa, kapena mwamuona ali ndi mabala, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo: loya angapite ku High Court kukapempha habeas corpus, lamulo lokakamiza amene akumusunga kuti abwere naye pamaso pa jaji ndi kufotokoza chifukwa chake. Ndime 28 imapatsa aliyense ufulu wopita ku High Court maufulu ake akaphwanyidwa, ndipo khomo limenelo limakhala lotsegula ngakhale dziko lili pankhondo.

Popita kumeneko nyamulani kope la reji ya munthuyo, chithunzi chake chaposachedwa, ndi kapepala kamene mwalembapo tsiku ndi malo amene anagwidwira, polisi imene ali, ndi mayina a anthu amene anaona. Makope a reji ya mwana wanu, ya amuna anu ndi white book ya Canter muwachititse sabata ino, muwaike mu envulopu imodzi pamalo amene inu ndi amuna anu nonse mukuwadziwa.